Kukwera Bunda ndi Maso Otsala

Chaka chimene adokotala anandiuza za maso anga, anthu a m'nyumba mwanga anayamba kundiyankhula mokuwa, ngati kuti chadwala ndi makutu. Miyendo yanga inali yolimba, mutu unkagwira bwinobwino, koma tsiku limodzi lokha linandisandutsa munthu wofunsidwa ngati wamwa madzi.

Ine ndine telala. Ndasoka pakhonde la golosale ina ku Area 23, pamsewu wotsikira ku Chipasula, kuyambira mwana wanga woyamba ali kumbuyo. Mayunifolomu a sukulu, mabulauzi a amayi a kutchalitchi, madiresi a operekeza akwati, zigamba za mathalauzi, zonsezo zadutsa pansi pa singano yanga. Vuto linayamba mwakachetechete. Ndinkagunda phewa pachitseko cha nyumba yanga yomwe. Munthu ankaima pambali panga kudikira moni, ine osamuona, mpaka mbiri inamveka pamsika kuti telala uja wayamba matama. Kenaka tsiku lina njinga ya kabaza inandimenya chigongono ndikuwoloka msewu, ndipo ndinalumbira kuti yagwa kuchokera kumwamba, chifukwa kumanzere kwanga sindinaone kanthu. Mnzanga amene amasoka pafupi nane ndiye anatseka makina ake n'kundikokera kuchipatala.

Adokotala anali mayi wachichepere, wosachedwa ndi mawu. Atandiyeza anati matendawa ndi gulukoma, amadya maso kuyambira m'mbali kulowera pakati. Diso lakumanzere linali litatsala pang'ono kutheratu. Lakumanja linkaona bwino pakati pokha, ngati munthu wosuzumira m'paipi.

"Chimene chapita sichibwerera, amayi," anatero. "Ntchito yathu ndi kulondera chimene chatsala."

Anandipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso katatu pa tsiku, n'kundichenjeza kuti ndisadumphitse.

Bambo a kunyumba kwanga ndi munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unandipanikiza. Anapuma pantchito yoyendetsa lole ku Kanengo, ndi mkulu wa mpingo, ndipo chilichonse amachichita mwadongosolo. Sabata yomweyo anakatenga makina anga pakhonde paja, namasula mutu wake n'kuukweza pamwamba pa wadiropu. Mbaula anandiletsa. Mpeni anandiletsa. Mwana wathu wamkazi wa ku Area 25 ankaimba foni m'mawa uliwonse kufunsa bambo ake ngati ndagona bwino, ine ndili pomwepo ndikumva. Ntchito yanga inatsala yokhala pampando pakhonde, kuyang'ana mpanda wa anzathu ndi nkhuku zawo.

Amene ankabwera kawirikawiri anali mng'ono wanga wa ku Chinsapo. Iyeyu amagulitsa kaunjika, ndipo kwa zaka zingapo wakhala akutsatira mneneri wina amene amapemphereza anthu paphiri la Bunda. Ankabwera ndi timabotolo ta madzi odalitsidwa, n'kumandiuza za anthu amene anataya ndodo ndi magalasi pamwamba pa phirilo.

"Achemwali, tiyeni kuphiri. Mukungodikira chiyani?"

Ndinakana miyezi yambiri. Ine ndili ndi tchalitchi changa, ndimapemphera m'mawa ndi madzulo, ndipo sindinamvepo kuti Mulungu amamva bwino munthu akakwera mwala.

Zinasintha mu Seputembala. Tsiku lina abambo atapita kumaliro, ndinatuluka ndekha kukagula tomato, ulendo woyamba wopanda wondigwira dzanja. Mphepo yozizira inali itatha, mijakaranda itayamba kuchita maluwa, mango ali timbulu ting'onoting'ono. Nditafika pamtunda ndinaima kuti ndipume, ndipo m'kapaipi kanga kaja munalowa phiri la Bunda, kutali kummwera, lili lokha pachigwa. Ndaliona phiri limenelo kwa zaka zonse zimene ndakhala m'tauni muno, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti malo atali kwambiri amene ndinakwerapo m'moyo wanga ndi nsanja yachiwiri ya chipatala. Sindinaonepo dziko kuchokera pamwamba. Ndipo ndinkadziwa kuti ndikazengereza, ndidzakwera nthawi imene sipadzakhalanso choona.

Madzulo ake tikumwa tiyi ndinawauza abambo.

"Loweruka ndikupita ku Bunda."

"Mwagonja kwa mng'ono wanu?" anafunsa, nkhope itagwa. Za aneneri sakondwera nazo.

"Ayi. Sindikupita kukapemphereredwa. Ndikupita kukaona."

"Kukaona chiyani?"

"Chilichonse chimene chikuoneka kumeneko."

Anaika kapu pansi. Anandikumbutsa za njinga ya kabaza, za phewa langa, za mwala woterera umene iwo anangoumvera kwa anthu. Anati munthu amene sangaone chitseko cha nyumba yake sangakwere phiri. Pomaliza ananena mawu amene sanawanenepo chikwatirane chathu.

"Amayi, ndakuletsani."

"Ndamva, abambo. Koma ndipita."

M'mawa mwake ndinakwera pampando, ndinatsitsa mutu wa makina uja ndekha, n'kuubwezera pamalo pake. Ndinatenga thalauzi lawo lakale la khaki, la ku ntchito, ndinalichepetsa m'chiuno ndi kulidula miyendo kuti lindikwane. Ulusi ndinaulowetsa m'singano kamodzi kokha. Abambo anaima pakhomo la kuchipinda kumvetsera makina akulira, kenaka anatenga chipewa n'kutuluka.

Mng'ono wanga nditamuimbira anakuwa ndi chimwemwe mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Ndinamuuza momveka kuti sindikufuna za mneneri, ndikungofuna wondiperekeza.

"Palibe vuto, achemwali, bola mwafika. Koma musadye kanthu. Kuphiri sitipita titakhuta."

Loweruka ndinaphika mbatata zinayi, ndinathira tiyi m'fulasiki, ndinaika mankhwala anga m'thumba la bulauzi. Thalauzi ndinalivala mkati, chitenje pamwamba, kumapazi nsapato zatenesi zimene mwana wanga anasiya. Abambo anakhala pabalaza Baibulo lili pamiyendo, osatsegula tsamba. Nditatsazika anayankha ndi mutu wokha.

Tinakumana ndi mng'ono wanga kudepoti, tinakwera minibasi ya ku Mitundu dzuwa lisanakwere. Iye anavala zoyera zokhazokha, ndi nsapato zapulasitiki zonyezimira. Anayang'ana chikwama changa mokayikira koma sanafunse. Titatsika tinayenda m'kanjira kodutsa m'minda, mizere yakale itauma, mapesi ataunjikidwa kudikira moto. Phiri limene ku Area 23 limaoneka ngati chulu linali litadzaza kumwamba konse. Kuti ndilione lonse ndinachita kuyendetsa mutu kuyambira pansi mpaka pansonga, ndipo khosi linalira.

M'tsinde mwake muli mitengo, ndipo mitengoyo inali itangophuka. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho, udzu uli wouma gwa, koma masamba atsopano anali atatuluka, ena ofiira ngati nyama, ena ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ofewa ngati nsalu ya lainingi. Ndinathyola limodzi, ndinaliyandikitsa kudiso langa labwino, ndinaona timitsempha take tonse. Mng'ono wanga anandikoka.

"Tiyeni, dzuwa litipeza."

Mitengo itatha tinafika pathanthwe. Pamenepo ndinamasula chitenje n'kuchimanga m'chiuno, thalauzi lili poyera.

"Achemwali! Pamalo opatulika pano?"

"Ukufuna ndikodwe m'chitenje ndigubuduke?"

Kukwera ndi maso ngati angawa kuli ndi vuto lake. Ndikayang'ana pamene ndikuponda, kutsogolo sindikuonako. Ndikayang'ana kutsogolo, mapazi asowa. Ndiye ndinapeza njira yanga: ndinkaima, n'kusankha mwala kapena chitsamba chapatsogolo, kenaka n'kuweramitsa mutu, manja pathanthwe, kukwawa mpaka ndichipeze. Mwala unali wofunda kale, wokhakhala ngati sandipepa. Abuluzi ankathawa pansi pa zala zanga, ndinkangomva tseketseke osawaona. Mng'ono wanga anandigwira chigongono, koma nsapato zake zinkaterera, ndipo kawiri konse ndi iye amene anatsala pang'ono kundigwetsa.

"Ndisiye. Vula nsapatozo uzisamale wekha."

Anavula, nazinyamula m'manja.

Phirilo silinali lachete monga ndinkaganizira. Kumbuyo kwa miyala kunkamveka mawu, wina akulira, wina akuimba, wina akubwereza mawu amodzimodzi mpaka mmero kusasa. Tinakumana ndi amayi ena akutsika, milomo itauma, mabulangete pamutu. Mmodzi anandigwira dzanja mwachifundo.

"Mwabwera ndi vuto lanji, amayi?"

"Ndabwera kudzaona malo."

Anandisiya dzanja msanga ngati ndatukwana.

Sindinama, pakati pa phiri ndinachita mantha. Pali malo pamene thanthwe limaimirira kwambiri, popanda chitsamba chogwira. Ndinalakwitsa n'kutembenuka kuti ndione kumene tachokera, ndipo m'diso langa simunalowe mwala kapena mtengo, munalowa mpweya wokhawokha. Mutu unazungulira. Ndinagona chafufumimba pamwalapo, tsaya lili pathanthwe lotentha, mtima ukugunda m'makutu. Ndinaganiza za abambo ali pabalaza paja, ndinaganiza za anthu akundinyamula pamachira, pamsika akunena kuti tinanena ife.

Mng'ono wanga anagwada pambali panga, akupuma mwawefuwefu.

"Tibwerere, achemwali. Alamu ananena zoona. Ndimuimbira munthu wa Mulungu atsike adzakupemphererereni pompano."

Akanangokhala chete mwina ndikanabwerera ndithu. Koma mawu amenewo anandidzutsa. Ndinamwa madzi pang'ono, ndinapukuta manja pathalauzi, ndinayang'ana kamng'alu kamene kanali patsogolo pa mphuno yanga n'kuyamba kukatsata ndi zala. Sindinatembenukenso. Ndinkawerenga mapazi khumi, n'kupuma, khumi ena, n'kupuma, mpaka mwala unayamba kugona.

Pafupi ndi pamwamba pali kamalo kosalala, kotchingidwa ndi miyala, pamene anthu anamanga timisasa ta mapepala apulasitiki. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti mng'ono wanga anali atakonza zake. Bambo wina anatuluka pakati pa gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, atavala jekete yonyezimira ndi thaulo paphewa, n'kubwera molunjika kwa ife manja atatambasula. Anali wamng'ono kwa ine, msinkhu wa mwana wanga woyamba.

"Awa ndi amayi a maso aja? Mzimu unandiuza kuti mufika lero."

"Si mzimu, abambo, ndi foni ya mng'ono wangayu," ndinayankha.

Wina m'gulumo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mneneri sanaseke. Anandizungulira kamodzi, ndipo pamene anali kumanzere kwanga ndinkangomva fungo la perefyumu wake. Anati maso anga sanadwale, anachita kumangidwa. Anati akuona mayi wina wokhala pafupi ndi ine pantchito, wa makina akuda, amene anakwirira singano pakhomo panga.

"Makina a telala aliyense ndi akuda," ndinatero. "Ndipo mayi mukunenayo ndi amene ananditengera kuchipatala."

"Achemwali, chonde," mng'ono wanga ananong'ona.

Mneneri anakweza mawu kuti onse amve.

"Gwadani, amayi. Tsekani maso."

"Sinditseka."

"Tsekani maso, Mulungu agwire ntchito yake."

"Abambo, ine ndakwawa ngati mwana kuchokera pansi apo kuti ndidzaone. Maso atsala ndi ochepa, ndipo adzatsekeka okha nthawi yake ikakwana. Lero ayi."

Anthu aja anayamba kung'ung'udza, wina anayambitsa nyimbo. Mneneri anati umenewu ndi mzimu wa mwano, ndipo ndi womwewo wagwira maso. Kenaka analoza thumba la bulauzi yanga, pamene kabotolo kankaonekera.

"Chikhulupiriro chanu chili m'kabotolo ako. Kaponyeni pansi pa phiri, muona lero lomwe."

Pamenepo ndinapsa mtima zenizeni. Ndinaganiza za anthu ena amene amamva mawu amenewa n'kuponyadi. Ndinayang'ana dzuwa, linali litafika pamutu, nthawi ya mankhwala inali itakwana. Ndinakhala pamwala, ndinatsegula kabotolo, ndinakweza nkhope n'kudontheza diso lakumanja, kenaka lakumanzere, anthu onse akuonerera. Maso ndinatsekadi, koma kwa kanthawi kamene adokotala ananena. Nditatsegula, mneneri anali atatembenukira kwa mayi wina amene anagwada kale, ndipo mng'ono wanga anali atakhala pansi, nkhope ataphimba ndi mpango, akulira.

"Mwandichititsa manyazi," anatero.

"Ndinakuuza pafoni. Ukandipeza pamwamba."

Chigawo chotsala ndinakwera ndekha. Sichinali chachitali. Mphepo inayamba kundiomba kumaso, kenaka dzanja langa linafuna mwala wina wogwira n'kupeza palibe. Ndinaimirira pang'onopang'ono, miyendo nditatangadza.

Anthu a maso awiri amati akafika pamwamba dziko lonse limawagwera kamodzi. Ine sizinatero. Ndinaliona pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza ndi tochi m'chipinda. Choyamba kulowa m'diso langa chinali minda, timabwalo tofiira ndi totuwa tolumikizana mpaka kutali, ndipo pakati pake mitengo ya mango yobiriwira bii, uliwonse ndi kamthunzi kake. Ndinasuntha mutu pang'ono, ndinapeza mudzi, madenga audzu ndi amalata, zigafa za fodya zopanda kanthu, ngolo ya ng'ombe ikuyenda pamsewu ngati nyerere yasenza chakudya. Ndinasunthanso, ndinapeza nyumba za sukulu ya zaulimi, mizere ya mitengo ya bulugamu, ndi damu likuphanima mpaka diso linatuluka misozi. Kumadzulo kunali mapiri a Dzalanyama, mzere wautali wabuluu umene ndinautsata ndi mutu mpaka phewa linakana. Kummawa ndinapeza phiri la Nkhoma, ndipo patali kwambiri china chachikulu chimene ndinaganiza kuti ndi Dedza. M'munsi mwa mapazi anga mitengo ija inali ngati wina wathira utoto wofiira m'tsinde monse.

Kenaka khwangwala anadutsa m'kapaipi kanga, ndipo ndinamuona msana. Zaka zanga zonse mbalame ndakhala ndikuziona kumimba. Ndinaseka ndekha mokweza.

Tauni ndinaifuna nthawi yayitali. Nditaipeza kumpoto, inali chinthu chotuwa, malata akuthwanima apa ndi apo, koma zonse zili mbuu ngati zaphimbidwa ndi neti. Ndinatikita diso, sizinasinthe. Mtima unagwa. Ndinaganiza kuti mwina kukwera kuja kwawononga chimene chinatsala.

Pafupi nane, pamthunzi wa mwala, panakhala mayi wina wachikulire atafunda chitenje, Baibulo lili pambali. Ndinamupatsa moni, ndinamufunsa.

"Pepani amayi, kutauni uko mukuonako bwino?"

Anayang'ana, dzanja lili pachipumi.

"Ayi, ndi utsi umenewo. Akutentha tchire osaka mbewa. Ine ndakhala pano masiku atatu, sikunayerepo."

"Ndiye si maso anga?"

"Ngati ndi maso, ndiye tadwala tonse."

Ndinamuthokoza kawiri. Anandiuza kuti akupempherera mwana wake amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Sanandifunse vuto langa, ndipo ine ndinamulonjeza kuti mwanayo ndidzamutchula m'pemphero kunyumba, zimene ndimachita mpaka lero.

Njala inandigwira. Sindinafune kudya pamaso pa munthu wosala, choncho ndinasunthira kuseri kwa mwala wina, kumene mphepo inali yochepa, ndinatsegula fulasiki. Ndikusenda mbatata yachiwiri ndinamva mapazi opanda nsapato. Mng'ono wanga anakhala pansi chapatali pang'ono, kumanja kwanga kumene ndimaona, maso atatupa.

"Mukuganiza kuti ndine wopusa," anayamba.

"Sindinatero."

"Inu simunawaone amayi mmene ndinawaonera ine. Inu munali kuno kutauni. Ine ndi amene ndinkawatsogolera kuchimbudzi ndi ndodo."

Zinali zoona. Mayi athu anachita khungu zaka zawo zomaliza kumudzi, ndipo tonse tinkati ndi ukalamba. Tsiku limene anandiyeza, adokotala anandifunsa ngati kwathu kunali wina wosaona, ndipo nditawauza anati matendawa amayenda m'magazi, abale anga onse akayezetse. Mng'ono wanga ndinamuuza nthawi yomweyo, koma anayankha kuti iye ndi wophimbidwa ndi pemphero.

Ndinamuyang'anitsitsa. Ndinakumbukira mmene ankapunthwira pokwera, ngakhale atavula nsapato, ndi mmene anagundira chitseko cha minibasi kudepoti.

"Yang'ana phiri la Nkhoma ilo," ndinamuuza. "Usatembenuke."

"Chifukwa?"

"Ingoyang'ana."

Ndinadzuka, ndinaima kumbuyo kwake, ndinatenga mbatata n'kuiyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kukhutu lake lakumanzere kupita kutsogolo.

"Ukaiona unene."

"Ndaiona," anatero msanga.

Ndinachitanso chimodzimodzi kumanja. Mbatata inadutsa khutu, inadutsa tsaya, iye ali chete. Inatsala pang'ono kufika pamphuno pamene ananena, ndi mawu aang'ono, kuti waiona.

"Unayamba liti?"

"Chaka chatha." Anapukuta mphuno ndi mpango. "Ndimati mukachira inu, ndiye kuti inenso ndichira. Ndimaopa kuchipatala, achemwali. Akakangonena, ndiye kuti zatheka."

Ndinakhala pambali pake, ndinamupatsa mbatata ija. Anaiyang'ana, anayang'ana kumene kunali mneneri, kenaka anaisenda n'kudya. Tinamwera kapu imodzi. Ndinamulozera ngolo ija, imene inali isanafikebe kumudzi, ndipo tinakangana ngati phiri lakutali lija linali Dedza kapena lina.

Kutsika kunali koipa kuposa kukwera. Potsika uyenera kuyang'ana kumene kuli phompho, ndipo mwala unali utatentha moti manja ankapsa. Ndinakhala pansi n'kumatsetsereka ndi matako, mapazi patsogolo, chikwama pamimba. Mng'ono wanga anayamba ndi kuyenda chowerama, koma posakhalitsa nayenso anakhala pansi, zoyera zake zonse zikupukuta phiri. Anyamata ena okwera anatipatukira akuseka, ife osasamala. Pofika m'mitengo, thalauzi la abambo linali litabooka kumbuyo malo awiri, bondo langa lakumanja litatupa, zikhatho zitasupuka. Ndinamanganso chitenje, tinayenda motsimphina mpaka pamsewu.

Ndinatsika minibasi ku Area 23 dzuwa litapendeka. Abambo anali pasiteji, ataima pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi, akuchita ngati akusankha. Mayiyo anandiuza pambuyo pake kuti anaima pamenepo kuyambira masana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaona mmene ndinkaponderamo, anatenga chikwama changa. Titadutsa pachigayo, anandifunsa.

"Munafika pamwamba?"

"Ndinafika."

"Pamwamba penipeni?"

"Penipeni. Thalauzi lanu latha."

Anayenda mapazi angapo.

"Nyumba yathu imaoneka?"

"Ayi. Kunali utsi."

"Ndiye munaona chiyani?"

Ndinawauza, kuyambira minda mpaka msana wa khwangwala. Anamvetsera mpaka tinafika pageti, kenaka anati ku Rumphi kwawo kuli mapiri oposa pamenepo, Bunda ndi chulu chabe. Ndinawayankha kuti chulucho iwo sanachikwerepo. Bondo linandigoneka masiku anayi, ndipo mwana wathu wa ku Area 25 anabwera kudzandikalipira pamaso. Ndinamulola amalize, kenaka ndinamuuza kuti nayenso akayezetse maso.

Mng'ono wanga sanapite kuchipatala sabata yotsatira monga analonjeza paphiri. Anati kaunjika wafika watsopano. Sabata inayo anati ali ndi chimfine. Kenaka anasiya kuyankha foni yanga. Mvula yoyamba itagwa, ndinakwera minibasi ziwiri ndekha mpaka ku Chinsapo, ndinamupeza pamsika akuyala malaya pa pepala. Ndinakhala pabelo lake la zovala, ndinamuuza kuti sindidzukapo, ndipo kasitomala aliyense wobwera ndimufotokozera chifukwa chake. Anadziwa kuti sindikuseka. Anasiyira mnzake katundu, tinanyamuka.

Anamupeza nawo matendawo, diso lakumanja litayamba kudyeka, lakumanzere lili bwino. Adokotala anati wabwera nthawi yabwino kuposa ine. Kwa mneneri wake sanasiye, amapitabe mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndinaleka kulimbana naye pa zimenezo. Ndinangomuuza kuti tsiku limene ndidzamve kuti wasiya mankhwala, ndidzapita kukakhala pabelo paja mpaka msika utseke. Masiku athu a kuchipatala anawaika pamodzi, ndiye timakumana pabenchi m'mawa, iye ndi kabuku kake ine ndi kanga, ndipo amadandaula za kutalika kwa mzere kuyambira pofika mpaka atiitane.